Tonse Tinakongola pa Chipyela

Tadala ndi Yamikani, ana anga,

Anthu amalemba za ntchito yawo tsitsi litachita imvi. Ine ndapuma ntchito ya m'maofesi ndisanakwanitse zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo sindinapume chifukwa chotopa. Ndikulemba m'kope lino masana, Yamikani ali mtulo, chifukwa Lachisanu lapitali iwe Tadala unabwera kusukulu ukumwetulira, n'kundiuza kuti amayi a pamsika amanditcha wokongola. Unati ukamadutsa amalozerana kuti mwana wa Akongola ndi uyo. Ndinakuuza kuti uziwathokoza. Koma tsiku lina wina adzakumasulira dzinalo, ndipo ndikufuna kuti pamene azidzatero udzakhale utamva kale kwa ine. Panopa simungawerenge zimenezi. Kopeli ndiliika pansi m'sutikesi, pamodzi ndi satifiketi yanga.

Tadala ali ndi miyezi isanu

Satifiketi ya zowerengera ndalama ndinaitenga ku koleji ku Mzuzu, ndipo inagona m'sutikesi zaka ziwiri. Pa Likoma pano ntchito za m'maofesi n'zowerengeka, ndipo zambiri zimatsika pa sitima zili kale ndi eni ake. Bambo anu nthawi imeneyo ankapalasa m'bwato la munthu wina, usipa ukasowa ifenso tinkasowa. Ndiye nditamva kuti kampani ina yogulitsa magetsi a sola olipira pang'onopang'ono yatsegula ofesi kuseri kwa sitolo pa Chipyela, ndinakubereka iwe Tadala n'kunyamuka ku Khuyu dzuwa lisanatenthe, satifiketi ili m'pepala la pulasitiki kuti thukuta lisaiwononge.

Woyang'anira ofesiyo anali a Chavula, munthu wa kumtunda, kutsidya kwa nyanja, wamfupi, waukhondo, wolankhula motsitsa mawu. Aliyense ankamutcha mama kapena dada, ndipo ankathokoza kuti yewo ngakhale pamene akukukaniza chinthu. Anayang'ana satifiketi, anayang'ana iwe kumsanako, n'kunena kuti ndiyambe Lolemba ngati kalaliki. Tinalembedwa anthu khumi ndi awiri, koma nditchula awiri okha. Wina ndi Agnesi, mnzanga wa ku pulayimale, katswiri wa gule wa chioda, amene ankayenda m'midzi kutolera ndalama kwa makasitomala. Ena ndi a Barnaba a ku Mbungo, mkulu wa mpingo, amene ankadziwa za mawaya ndipo ndiwo ankakwera pamadenga kukhoma mapanelo. A Barnaba anali mnzawo wa malemu agogo anu aamuna, ndipo chibadwire changa ankanditcha mwana wanga.

Tsiku loyamba a Chavula anatiuza kuti pakati pathu palibe wantchito. Tonse tinali makontirakitala, aliyense bwana payekha, wogulitsa luso lake kwa kampani monga mmene msodzi amagulitsira nsomba zake. Tinaomba m'manja. Atatero anatigawira malaya achikasu a kampani, n'kundipatsa ine buku lalikulu la chikuto chakuda loti aliyense azisainamo pofika seveni koloko ndi poweruka. Wochedwa ndizimulemba ndi cholembera chofiira. Wofuna kupita ku maliro kapena kuchipatala azipempha, ine ndizilemba kuti waloledwa ndipo abwera liti. Agnesi anandinong'oneza kuti iye sanaonepo bwana wopempha chilolezo chopita kuchimbudzi.

Mwezi utatsala pang'ono kutha, a Chavula anandipatsa pepala la Chingelezi kuti ndiliike m'Chichewa, loti aliyense azisaina polandira ndalama. Ndinaliwerenga kawiri. Silinkatchula kampani yathu. Linkatchula kampani ina ya ku Lilongwe imene sitinaimvepo, ndipo linkanena kuti kampaniyo ikutipatsa ngongole. Ine ndinachita ngati sindinaone, n'kulemba kuti, "Ine wakuti ndalandira malipiro anga a mwezi uno." A Chavula anawerenga, anatenga cholembera changa chofiira chija, n'kukhwacha mawu oti ndalandira malipiro. Anafotokoza modekha kuti ndalama ikatchedwa malipiro, boma limadulapo msonkho isanafike m'manja mwa mwini wake, koma ngongole siidulidwa, ndipo ngongole imeneyi palibe amene adzaifunse mpaka kalekale. Anati maloya a ku Lilongwe anaziona kale zonsezi, ndipo iwo akungofuna kuti ife a pachilumba tizitenga ndalama yathu yathunthu.

Apa ndi pamene ndikufuna muwerenge pang'onopang'ono. Ku koleji tinaphunzira za msonkho wodulidwa pa malipiro teremu yathunthu, ndipo mayeso ake ndinakhoza bwino. Ndinkadziwa. Ndinawauza a Chavula kuti zimenezi zikundiopsa. Iwo anafunsa ngati mwana akuyamwa bwino, kenaka anatchula kuti ku Nkhata Bay kuli mtsikana wa dipuloma, wopanda mwana, amene wakhala akuwaimbira foni kufuna ntchito. Ndinakhala pansi n'kulemba pamwamba pa mzere wofiirawo ndi dzanja langa kuti, "Ine wakuti ndakongola ndalama zokwana zakuti." Kumunsi kwa pepala kunali malo a mboni, ndipo mboni ya aliyense inali ine. Pa umboni umenewo ankandipatsa kenakake kapadera mu envulopu, ankati ka sopo wa matewera. Zimenezi sindinauze munthu, ngakhale bambo anu.

Tsiku lolandira, a Barnaba anagwira pepalalo kutali ndi maso, poti magalasi awo anali atasweka, n'kufunsa a Chavula kuti ngongole yosabweza dzina lake n'chiyani.

"Dzina lake ndi nzeru, dada," anatero a Chavula.

Anthu anaseka. Agnesi anasaina, anazungulira pakati pa ofesi atagwira m'chiuno, n'kunena kuti chikhalire palibe mwamuna anamuuzapo kuti wakongola, lero kampani yachita kumusainitsa. Kuyambira pamenepo tsiku la malipiro linasanduka tsiku lokongola. Tinkafunsana panjira ngati takongola kale, wina n'kuyankha kuti ayi, akongola madzulo. Ngakhale amuna andevu ankatuluka muofesi akudzitama kuti akongola. Nthabwala imeneyo inatithandiza kuti tisamve chimene tinkasaina. Koma tsiku loyambalo a Barnaba sanaseke. Anandiitanira pakhonde, pepala lili m'manja.

"Mwana wanga, iwe ndiye unapita ku koleji. Izi n'zabwino?"

"N'zabwino, bambo. Sainani."

Anasaina pomwepo, pepala ataliika pabondo.

Zaka zitatu zotsatira

Sindinganame kuti zinali zaka zoipa. Ntchito inali yolemetsa, inde. Mabatire ankatha, mwera ukawomba sitima inkachedwa, ndipo makasitomala ankabwera kudzakalipira ine chifukwa ndine ndinali pa desiki. Panali mwezi wina umene tinalibe ngakhale pepala la risiti, ndinkachita kudula makope a ana asukulu n'kudinda chidindo. Masiku ena ndinkayenda ndi Agnesi mpaka ku Mbungo, kudutsa m'miyala ndi m'minda ya chinangwa, kukapepesa anthu amene nyali zawo zazima pomwe alipira. Agnesi ankawaseketsa mpaka kuiwala mkwiyo, ine ndinkalemba madandaulo. Koma ndalama inkabwera yathunthu mwezi ndi mwezi. Tinachotsa udzu pa nyumba ya ku Khuyu n'kufolera malata. Bambo anu anagula gawo m'khoka la msuweni wawo. Anthu anayamba kundipatsa moni ine ndisanawapatse.

Mtima wokha ndiwo sunkakhala pansi. Ndinayamba kuona tinthu. Mapepala osainidwa aja a Chavula ankawanyamula okha pa sitima, osasiya ngakhale limodzi muofesi. Ndikafunsa nambala ya foni ya kampani ya ku Lilongwe ija ankaseka n'kundifunsa za thanzi la mwana. Mlendo wovala tayi akatsika padoko, ndinkapita kwa amayi ogulitsa mandasi kukafunsa kuti wafikira kuti ndipo wafunsa za ndani. Nthawi zambiri ankakhala wa zaumoyo kapena woyendera sukulu, koma ine ndinali nditasiya kale kudya. Bambo anu ankati ndine wamantha kuyambira kale, ndimanjenjemera ngakhale ndi kalata yoitanira ku ukwati.

Ubwana wathu uja tinauona bwino pamene iwe Yamikani unabadwa. A Chavula anabwera ndi kabulangete ka mwana, n'kundikumbutsa kuti kontirakitala alibe tchuthi cha uchembere. Ndinabwerera pa desiki patangotha masabata atatu. Chaka chomwecho a Barnaba anaterereka padenga la munthu ku Mbungo n'kuthyoka m'chiuno. A Chavula anawatengera shuga ndi buledi kuchipatala, n'kuwauza mwaulemu kuti munthu wodziyimira payekha amadzisamalira yekha. M'buku lakuda ndinalemba tsiku ndi ola limene anagwa, ndi dzina la kasitomala amene ofesi inawatumako. Miyezi iwiri imene anagona sanakongole ngakhale kamodzi. Atadzuka anabwerera akutsimphina, n'kumakonza zapansi zokha.

Buku likadzaza, a Chavula ankati ndiliotche, akuti ofesi n'njopanikiza ndipo mapepala amaitana mbewa. Ndinkavomera. Koma inu mukundidziwa, ine sinditaya chinthu, ndimasunga ngakhale makadi anu a sikelo ong'ambika. Mabuku anayi analowa m'sutikesi limodzi ndi limodzi, ndipo mkati mwa loyambalo munali pepala lija lokhwachidwa ndi cholembera chofiira. Musaganize kuti inali nzeru kapena kulimba mtima. Ndinkangoopa kuti tsiku lina wina adzanena kuti ndinamulemba kuti wachedwa pomwe sanachedwe, ine n'kusowa chomuonetsa.

Chaka chachinayi, nyengo ya mwera

A Chavula anakwera sitima akunena kuti akukatenga mabatire. Ndinaona kuti anyamula laputopu ya ofesi ndi chikwama chachikulu kuposa masiku onse, ndipo nsapato zawo za m'madzi, zimene zinkakhala kuseri kwa chitseko, panalibe. Patatha masabata awiri sitima yomweyo inabweretsa maenvulopu akhaki khumi ndi awiri, iliyonse ndi dzina la mwini wake. Anali ochokera ku ofesi ya msonkho. Kalatayo inati njira yolipira anthu ndi ngongole yafufuzidwa ndipo yapezeka kuti inali yozembera msonkho. Inati popeza tinasaina kuti ndife odziyimira patokha, ndalama zonse zimene tinalandira zikuwerengedwa ngati phindu la bizinesi yathu, choncho aliyense alipire msonkho wake kuyambira mwezi woyamba, ndi chilango pamwamba pake. Kuyambira mwezi woyamba, Tadala, iwe uli kumsana. Ndalama imeneyo inali itasanduka kale malata, mayunifolomu ndi mankhwala.

Tisanapume n'komwe, sabata yotsatira kunabwera makalata ena, ochokera kwa maloya a kampani ya ku Lilongwe ija. Akuti popeza mgwirizano watha, tibweze ngongole yonse. A Barnaba anaika makalata awiriwo pa desiki langa moyandikana, n'kunena kuti kwa boma ndalamayo ndi phindu, kwa kampani ndi ngongole, nanga amene ankakwera padenga uja ankagwira ntchito yaulere kodi. Sanakweze mawu. Anangowonjezera kuti munda wawo wa chinangwa alipo kale munthu amene akuufuna. Munda umenewo unali wa makolo a akazi awo, ndipo chigwereni padenga ndiwo unkadyetsa banja lonse.

A Chavula sankayankha foni ya wina aliyense, koma ine anandiimbira okha, masana ndikuchapa. Anati ndiuze onse akhale chete, maloya akukonza. Anafunsa ngati mabuku aja ndinaotcha, ndinati eya. Kenaka anati akufuna andikumbutse chinthu chimodzi monga munthu wondifunira zabwino.

"Pepala lija la Chichewa ndi dzanja la ndani, mama? Nanga mboni pa mapepala onse aja? Ine ndili kutali. Inu muli pachilumba, ndipo mwana ali kumsana. Yewo, mama."

Ofesi inatsekedwa, mwini sitolo anaikapo loko wake. Pa chilumba ngati chathu nkhani imafika ku Mbungo woinyamula asanamwe madzi. Wina anakumbukira kuti anaonapo a Chavula akundipatsa envulopu yachiwiri. Agnesi anasiya kundiyang'ana kumaso, ndipo pamsika, ine ndikusankha tomato, anauza anthu mokweza kuti tonse tinakongola koma wina anakongola kawiri. Dzina la Akongola linayambira pamenepo. Inenso ndinayamba kumukayikira Agnesi, kuti mwina ndiye anakaneneza ku ofesi ya msonkho, poti mlamu wake amagwira ntchito m'boma. Ndinakayikira mwini sitolo. Ndinakayikira mayi wa mandasi uja, kuti mafunso anga onse aja ankakawatula kwinakwake. Ngakhale bambo anu akachedwa kuchokera kunyanja ndinkadzifunsa kuti akumana ndi ndani. M'tchalitchi chachikulu, pa nthawi yopatsana mtendere, amayi awiri a pa benchi yathu anapatsana manja modutsa pa ine ngati ndine mzati. Koma chimene chinkandidya kwenikweni chinali chimodzi: akandimanga adzandiwolotsa kupita ku ndende ya kumtunda, Yamikani akuyamwabe.

Mwera utayamba kuchepa

Tinauzidwa kuti kukubwera munthu wa msonkho kudzatimva mmodzimmodzi m'chipinda china ku maofesi a boma pa Chipyela. Ine ndinkadziwa chimene mabuku a m'sutikesi angachite. Wantchito weniweni msonkho wake amayenera kudula ndi womulemba ntchitoyo, ndipo akapanda kudula, woyamba kufunsidwa ndi iyeyo. Mabuku aja ankaonetsa poyera kuti tinali antchito. Akanatha kuchotsa katundu pamutu pa anthu khumi ndi mmodzi. Koma mabuku omwewo, ndi pepala lofiira lija, ankaonetsanso kuti kalaliki ankadziwa kusiyana kwa malipiro ndi ngongole kuyambira mwezi woyamba. Ndinaganizapo zochotsa pepalalo n'kupereka mabuku okha, koma a Chavula anali ndi mapepala onse a umboni wanga, ndipo ndinadziwa kuti ndikangotsegula pakamwa iwo atsegula chikwama.

Ndinawaululira bambo anu zonse, akusoka ukonde pansi pa mango kuseri kwa nyumba, ndi za envulopu zomwe. Sanakalipe. Anasoka maso angapo a ukondewo, kenaka anati ndiwapatse mabukuwo, akawamangirira mwala n'kuwaponya pakuya kumene ngakhale khoka silifika. Anati anthu khumi ndi mmodziwo ali ndi abale awo, koma inu ana awo muli ndi mayi mmodzi. Musadzawaweruze pa mawu amenewo. Ine ndinavomera, ndipo ndinamva kupepuka.

M'mawa wa tsiku langa lofunsidwa ndinakulunga mabuku anayiwo m'chitenje n'kusenza pamutu ngati ufa wa kondowole, Yamikani ali kumsana. Ndinkati ndikawasiye kugombe kumene bambo anu ankadikira ndi bwato, kenaka ndipite ku ofesi chimanjamanja kukanena kuti ine ndinkangolemba zimene ndauzidwa. Pa mphambano ija ya mlambe, pamene njira ina imatsikira kunyanja ina n'kulowera ku Chipyela, ndinapeza a Barnaba atakhala pamuzu akupumitsa mwendo. Anali atavala jekete lawo la kutchalitchi, ndodo ili pakati pa mawondo. Ndinafuna kudutsa mofulumira koma anandiitana. Anati amva zimene anthu akunena za ine ndipo awakalipira, chifukwa bambo anga ankawadziwa, m'nyumba mwawo simungatuluke munthu wotero. Kenaka anatulutsa makalata awiri aja m'thumba.

"Ndikanene chiyani kumeneko, mwana wanga? Ndikati ngongole ndagwa, ndikati phindu ndagwa. Iwe ndiye unapita ku koleji."

Mawu omwe aja a pakhonde, ndi nkhope yomweyo. Ndinatula katundu uja pansi. Ndinawauza ndili chiimire kuti tsiku lija ndinkadziwa kuti sizinali zabwino, kuti envulopu yachiwiri inalipodi, kuti m'chitenjemo muli mabuku amene angapulumutse munda wawo, ndipo ndikupita nawo kunyanja kukawamiza. Anayang'ana mtolowo nthawi yaitali. Yamikani anadzuka n'kuyamba kukoka ndolo yanga.

"Zimenezo usandiuze ine," anatero a Barnaba. "Ukanene kumene akulemba."

Anaimirira movutikira n'kulowera njira ya ku Chipyela. Sanandikoke, sanandiopseze, sanacheuke ngakhale kamodzi kuti aone ngati ndikubwera. Ndinasenzanso mtolo uja. Chifukwa cha mwendo wawo tinkayenda pang'onopang'ono, iwo patsogolo ine pambuyo, ndipo pa sitepe iliyonse njira ya kunyanja inali idakali pafupi moti ndikanatha kubwerera. Sindingakuuzeni kuti ndinasankha nthawi yanji. Ndimangokumbukira msana wa jekete lawo, losokedwa ndi ulusi wosiyana mtundu paphewa, mpaka tinafika.

Wa msonkhoyo anali mayi, a Makwinja, wa kumwera, wamagalasi, nkhope idakali yotuwa ndi mafunde a pa sitima. Ndinamuyang'ana nsapato ndi wotchi, ndikudzifunsa ngati a Chavula sanafike kale kwa iye. Ndisanamasule chitenje ndinamufunsa kuti zaka zinayi zonsezi anali kuti, bwanji akubwera lero ndalama itatha kudyedwa. Anayankha mosakwiya kuti kusafika kwawo sikunali kuvomereza, ndipo pamene chinthu chinabisidwa amaloledwa kubwerera m'mbuyo. Ndinaika mabuku patebulo. Anatsegula loyamba, lachiwiri, akutsatira mizere yofiira ndi chala. M'buku lachitatu anaima, n'kuwerenga mokweza pamene ndinalemba kuti Agnesi waloledwa kupita ku maliro a mayi ake, abwere Lachitatu. Anavula magalasi.

"Wabizinesi yake sapempha chilolezo chokaika mayi ake m'manda. Anthu awa anali antchito."

Pepala lofiira lija ndinamupatsa ndekha. Anafunsa kuti dzanja lokhwacha ndi la ndani, nanga lolemba pamwambapo ndi la ndani, ndipo ndinayankha. Anafunsa ngati ndinkadziwa chimene mawu oti ndakongola ankabisa, ndinati ndinkadziwa. Za envulopu ndinanenanso. Analemba zonse, anandiwerengera, ndinasaina, ulendo uno nditawerenga ndekha mzere uliwonse. Ndinamufunsa ngati andimanga. Anati iye si wapolisi ndipo sangandilonjeze chimene chili m'manja mwa ena, koma alemba kuti mabuku ndabwera nawo ndekha. Asanawaike m'chikwama ndinamupempha risiti yotchula buku lililonse, tsiku loyamba ndi lomaliza. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti ndinedi kalaliki. Risiti imeneyo muipeza m'sutikesi.

Nditatuluka, a Barnaba analowa osandiyang'ana. Bambo anu anadikira kugombe mpaka dzuwa linafika pamutu, ndipo masiku awiri sanandilankhule.

Kuchokera pamenepo mpaka lero

Tinadikira miyezi isanu ndi iwiri, ine ndikugona ndi chikwama cha zovala za Yamikani chokonzeratu. Makalata atabwera anati msonkho wa pa malipiro athu ukafunsidwa kwa kampani imene inatilemba ntchito. Anzanga khumi ndi mmodzi mitima yawo inakhala pansi. Ine sanandimange, koma anandilamula kulipira msonkho wa ndalama za m'maenvulopu aja ndi chilango chake. Tinagulitsa malata amene tinagulira chipinda chanu, n'chifukwa chake mpaka lero chili ndi makoma okha ndipo mumaseweramo ngati bwalo. A Barnaba munda wawo sanagulitse. A Chavula sindikudziwa kumene ali. Maloya a ngongole aja sanalembenso, koma palibenso amene anatilembera kuti ngongoleyo inafa. N'chifukwa chake sitima ikalira ndimasiya chimene ndikuchita, ndipo inu mumandiseka.

Ndinafunsirapo ntchito kawiri. Kwina anati ndine uja ananamiza antchito anzake. Kwina anati ndine uja amasunga mabuku n'kukaneneza mabwana. Onse ananena zoona, ndiye ndinasiya kufunsira. Tsopano ndimasoka mayunifolomu pakhonde ndi makina a malemu agogo anu aakazi. Agnesi amabweretsa za ana ake, timacheza za mitengo ya nsalu, koma dzina limene anandipatsa linamupitirira, ngakhale iye sangalibweze.

Mwezi watha a Barnaba anabwera kuno. Masiku ano amanditcha amake Tadala. Anakhala pampando wa pakhonde n'kutulutsa kalata yochokera ku chipatala cha kumtunda, yonena za opaleshoni ya m'chiuno mwawo, n'kundipempha kuti ndiwawerengere chifukwa maso afooka. Ndinawerenga zonse, tsiku, zimene ayenera kutenga, timalemba tating'ono ta kumunsi, ngakhale za pa chidindo. Ndinafotokoza pamene panali povuta. Anathokoza, anapinda kalata n'kutsanzika. Ndinawaona akuzungulira mpanda, koma sanalowere njira ya kwawo. Analowa kwa aphunzitsi aja oyandikana nafe, ndipo posakhalitsa ndinamva mawu a aphunzitsi akuwerenga kalata yomweyo kuyambira pachiyambi. Ndinaimitsa makina kuti ndimvetsere. Zinafanana zonse, liwu ndi liwu.

Sindinakwiye, ndipo inunso musadzakwiye. Ndalama za kampani ija sindikudziwa ngati tinakongoladi. Koma pakhonde la ofesi, tsiku la pepala loyamba, a Barnaba anandipatsa chinthu osafunsa mboni, ine n'kuchidya, ndipo chimenecho ndikubwezabe pang'onopang'ono. Ndiye akamakulozera pamsika, Tadala, usakangane nawo. Amayi ako anakongoladi.